Mathero Okhaokha

Kanemayu ine ndimamudziwa chakumathero.
Ndimaima pakhomo la holo yachinayi,
tsache kumanja, jumbo yakuda kumanzere,
kudikira kuti dziko lipulumuke
ndiyambe kusesa mbuliwuli.

Kakhumi n'kasanu ndamuona atagwada
bambo uja wa chovala chachitsulo, chisoti chitang'aluka,
mkazi wake akukoka mphezi ngati chingwe cha pachitsime,
ana awiri atagwirana manja pakamwa pa dzenje lowala.
Ndiye uyo mwini maiko,
nkhope imodzi pansi pa thambo lililonse,
akuti: kulikonse mwathawira, ine ndinafikako kale.
Mawuwa ndinawaloweza ngati vesi la Sande sukulu
ngakhale Chingerezi changa n'chotoleza.

Chiyambi chake ndinachita kufunsa.
Mthunzi wong'amba matikiti,
dzina ngati lakwathu, munthu wake ngwa ku Soweto,
anati: maiko ndi ambiri, mama,
osanjikizana ngati mathireyi a mazira,
ndipo m'lililonse muli inu wina.

Ine wina?
Usiku umenewo mu tekisi ya ku Turffontein
ndinawawerenga pagalasi.
Uyo sanakwere basi pa Wenela,
akuitanira kaunjika pa Lunzu, mawu atasasa.
Uyo anamaliza Fomu 4, wavala zoyera, akubaya jakisoni.
Wina anabwezedwa pa Beitbridge, analira mpaka Mwanza,
kenako anaiwala.
Wina sanayankhe n'komwe moni wa Chiphiko pachigayo paja.
Ameneyo ndimamuchitira kaduka
pakutha pa mwezi pokha.

Nanenso ndili naye wanga mwini maiko.
Sauluka. Alibe chisoti.
Ndi deti lodindidwa m'pasipoti, inki yake yofumbwa.
Pa Noord amavala yunifolomu n'kutambasula dzanja,
ku kiliniki amakhala kuseri kwa windo osadzutsa mutu,
pa geti la landilodi amasanduka loko watsopano,
pa foni amabwereka mawu a mchemwali wanga:
fizi ya Kumbukani ija, bwanji?
Kulikonse ndathawira.

Banja la pachinsalu limamenya nkhondo lili pamodzi,
apa ndiye pomwe amanama.
Chiphiko amalondera magalimoto a eni ku Germiston,
timadutsana pamasitepe, iye chikho cha tiyi, ine chikwama,
bedi limodzi, matulo awiri.
Kumbukani akukulira m'zithunzi,
chaka chino wayamba ndevu ndisanamve mawu ake akusintha.
Nthanda yekha ndiye ndimamuluka tsitsi,
koma naye akalota amabwebweta Chizulu.

Lachiwiri lina, tsiku langa lopuma,
ndinawerenga marandi a rilishi kawiri, n'kugula matikiti.
Tinakhala mzere wa pakati, ine ndi Nthanda,
pampando womwe ndinapalapo chingamu ndi mpeni.
Kani umu ndi momwe amayambira!
Kulibe mphezi, kulibe dzenje.
Anthu anayi patebulo m'mawa,
akukangana za amene wamaliza mkaka.
Holo yonse inaseka.
Ine ndinapukuta maso ndi nsonga ya mpango.

Nkhondo itafika pakolasinga,
mwini maiko atakweza mwana wamng'ono pakhosi,
magetsi phethi!
Mdima bii. Wina anatukwana, ena anayatsa mafoni,
jenereta ikutsokomola kutali, pansi pa sitolo.
Nthanda anandikanikiza zala pamkono:
Amayi, afa?

Ine amene sindidziwa za mawa la pasipoti yanga,
sindidziwa ngati Disembala tidzakwera basi,
ichi chokha ndinachidziwa bwino.
Safa, mwanangu. Ndaonapo.
Onse anayi?
Onse anayi.

Magetsi atabwera, mbuliwuli zake zinali mbwee pansi.
Dzanja langa linatsika lokha kukatola.
Ndinalibweza pamiyendo.
Pakhomo panali pataima kale Nomvula ndi tsache,
akudikira kuti dziko lipulumuke,
ndipo m'dziko ilo, kwa mphindi khumi zotsalazo,
ine ndinali wina uja wokhala pansi.